Beseni, Sopo ndi Diso Lodekha

Mu Seputembala 1902, sukulu za boma mumzinda wa New York zinabweza kunyumba ana 10,567 chifukwa cha matenda. Mu Seputembala wa chaka chotsatira ana obwezedwa anali 1,101 okha. Chaka chimenecho sikunatulukire mankhwala atsopano, penisilini anali asanadziwike, ndipo nyumba za anthu osauka zinali zothithikana monga kale. Chimene chinasintha n'chakuti m'sukulu munalowa anamwino. Woyamba mwa iwo anali Lina Rogers, mayi wa ku Canada amene anaphunzira unamwino pa chipatala cha ana cha Hospital for Sick Children ku Toronto. Ntchito imene manja a mayiyu ankagwira ndi yooneka yonyozeka: kuchapa zilonda, kupesa nsabwe, kutsuka manthongo. Koma ukaiyang'anitsitsa umapezamo luso limene ndi ochepa amalifika, ndipo ine ndimaliyesa limodzi mwa maluso apamwamba kwambiri amene munthu wa zachipatala angakhale nawo.

Kuyambira 1897 mzindawu unali ndi madokotala pafupifupi 150 oyendera sukulu. Dokotala ankafika m'mawa, n'kukhala ola limodzi, n'kuyang'ana ana amene aphunzitsi awakayikira. Akapeza nsabwe, chipere, mphere kapena maso ofiira, ankalemba kakhadi n'kumuuza mwanayo kuti azipita kwawo, adzabwere akachira. Ntchito ya dokotala inkathera pomwepo. Kakhadiko kankalembedwa m'Chingerezi, pamene makolo ambiri a dera la Lower East Side anali alendo ofika kumene m'dzikomo, Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya olankhula Yiddish ndiponso Ataliyana. Ena sankatha kukawerenga, ena kakhadiko sikankawafika n'komwe, ndipo ena analibe ndalama kapena nthawi yoti akafole pamzere wa kuchipatala. Mwana wobwezedwa uja ankangoswera pamsewu, ndipo sukulu ikaweruka ankasewera ndi anzake omwe aja amene akuluakulu ankati akuwateteza. Matenda ankapitirira kufala, maphunziro okha ndi amene ankaima.

Amene anaona kuti apa pakuwonongeka ana ndi Lillian Wald, namwino amene mu 1893 anayambitsa ntchito yoyendera odwala m'makomo, yomwe inadzadziwika kuti Henry Street Settlement. Pakuyenda kwawo anakumana ndi mnyamata wa zaka 12 amene sukulu inkamukana chifukwa cha kachilonda ka m'mutu, kachilonda koti kakanatha kupola m'masiku owerengeka akanapezeka munthu wokasamalira bwino. Mu 1902, madokotala atayamba kuyang'ana kalasi lonse m'malo mwa ana okayikiridwa okha, chiwerengero cha obwezedwa chinakwera moti m'makalasi ena mabenchi ankakhala apululu. Mayi Wald anapita kwa akuluakulu a zaumoyo ndi a zamaphunziro n'kuwapempha chinthu chimodzi: awalole kubwereketsa namwino wawo mmodzi kwa mwezi umodzi, mzinda osalipira kanthu, ndipo zikayenda bwino mzindawo upitirize wokha. Namwino amene anamusankha anali Mayi Rogers.

Anayamba ntchito pa 1 Okutobala 1902, m'sukulu zinayi zokhala ndi ana pafupifupi 10,000. Pasukulu iliyonse ankakhalapo ola limodzi. Chipinda chawochawo analibe. Pena ankapatsidwa pakona, ndipo pasukulu ina anawapatsa kachipinda kosagwiritsidwa ntchito ka pamasitepe. Zida zawo zinali zokwana m'chikwama: thonje, mabandeji, sopo wamadzi, timabotolo ta mankhwala opaka. Ola limodzi ndi lalifupi kwa munthu amene pakhomo pake pafola ana makumi angapo, wina akulira, wina akubisa mutu m'chipewa chifukwa cha manyazi. Kuti olalo likwane, namwino ayenera kudziwa msanga chimene akuona.

Apa ndi pamene pali luso loyamba, la maso. M'sukulu za New York anakhazikitsa njira yoyang'anira ana, imene patapita zaka zochepa inaperekedwa m'manja mwa anamwino. Woyang'anayo ankaima chofulatira windo, kuti kuwala kugwere pa mwana osati m'maso mwake. Ana ankadutsa mmodzimmodzi. Aliyense ankatambasula manja, n'kudzikoka yekha zikope zam'munsi, n'kuyasamula, ndipo atsikana ankatukula tsitsi kuti kumbuyo kwa makutu kuoneke. Woyang'ana sankamukhudza mwana, kuopa kutenga matenda kwa uyu n'kukapatsira uyo. Pamene pakufunika kupanikiza lilime ankagwiritsa ntchito kamtengo, kamodzi pa mwana mmodzi. Zonsezi zinkachitika m'masekondi owerengeka, ndipo m'masekondi amenewo diso liyenera kusiyanitsa zinthu zimene kwa ife ena zimangooneka zofanana.

Mphere zimabisala pakati pa zala ndi pamfundo ya dzanja, ndipo mwana wake amadzikanda kwambiri usiku, choncho m'mawa amafika ndi mikwingwirima ya zikhadabo ndi maso a tulo. Chipere cha m'mutu chimapanga kabwalo kozungulira komwe tsitsi lathothoka mofupikira pakhungu. Zilonda zopatsirana za kukamwa ndi kumphuno zimauma n'kuchita nkhanambo za mtundu wa uchi. Mazira a nsabwe amamatirira patsitsi ndipo sagwa ukawapukusa, pamene tizidutswa ta khungu louma timangoyoyoka. Zimenezi n'zosautsa koma sizipha. Pakati pa ana omwewo pakhoza kukhala mmodzi amene maso ake ofiira, chimfine ndi kutsokomola ndi chiyambi cha chikuku. Mu 1896 dokotala wa ana wa mumzinda womwewo, Henry Koplik, anali atafotokoza timadontho toyera timene timatuluka mkati mwa tsaya tsiku limodzi kapena awiri zidzolo zisanaoneke pathupi. Amene akudziwa kuyang'ana mkati mwa tsaya amamugwira mwanayo kalasi lonse lisanadwale. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chovuta pa ntchito iyi n'chakuti kudekhako kumafunika pamene palibe nthawi: manja akufulumira, mzere ukusuntha, koma diso osapupuluma.

Ataona, amagwira. Dipatimenti ya zaumoyo ya mzindawu inalemba malangizo a mmene vuto lililonse lizisamaliridwa, ndipo ukawawerenga umamva fungo la sopo. Pa chipere, kukwecha ndi sopo wamadzi wobiriwira n'kuphimba ndi collodion, mankhwala amene akauma amasanduka kachikopa kopyapyala kotchinga malowo kuti matenda asafikire ena. Pa mphere, kukwecha kaye, kenaka kupaka mafuta a sulufule. Pa zilonda za nkhanambo, kufewetsa nkhanambozo n'kuzichotsa, kenaka kupaka. Pa maso ofiira, kutsuka ndi madzi a boric acid. Pa nsabwe, kunyowetsa tsitsi ndi parafini wosakaniza ndi mafuta, kulichapa mawa lake, kenaka viniga wotentha kuti mazira asiye tsitsi. Ena mwa mankhwalawa anasiyidwa kalekale. Parafini m'mutu mwa mwana ndi woopsa, amatentha khungu ndipo sachedwa kugwira moto, choncho wina asayesere kunyumba. Koma yang'anani dongosolo la ntchitoyo, chifukwa ilo silinakalambe.

Pafupifupi malangizo onsewa amayamba ndi kuchapa. Mayi wa mnyamata uja wa kachilonda ka m'mutu akhoza kukhala ndi mankhwala abwino m'nyumba, koma akamawapaka pamwamba pa nkhanambo mankhwalawo safika pachilonda. Kusiyana kwa chilonda chopola ndi chilonda cha chaka chonse kumagona pa mphindi zingapo zonyowetsa nkhanambo ndi madzi ofunda mpaka itafewa, n'kuichotsa popanda kutulutsa magazi, mwana osakuwa. Izi zimafuna dzanja lopepuka ndi mawu oziziritsa mtima. Ukamupweteka mwana lero, mawa sabwera, ndipo mwana amene sabwera mawa ntchito ya lero yapita pachabe. Chipere ndi mphere zili ngati udzu wa m'munda nthawi ya dzinja: wopalira kamodzi n'kukakhala pansi amapeza thengo. Choncho Mayi Rogers ankabwerera tsiku ndi tsiku kwa ana omwewo, kumasula, kuchapa, kupaka, kumanga, mwana n'kubwerera m'kalasi phunziro lisanathe.

Kubwerera m'kalasi kumeneko ndiye mtima wa nkhani yonse. Lamulo linasintha: mwana wa vuto laling'ono lopatsirana ankaloledwa kukhala pasukulu malinga ngati akulandira chithandizo. Kutsika kwa chiwerengero chija kuchoka pa 10,567 kufika pa 1,101 sikutanthauza kuti nsabwe zinatha mu New York. Kukutanthauza kuti panapezeka munthu woti atsimikizire kuti mwana uyu ali m'manja mwanga, musamuthamangitse. Popanda munthu wotero lamulolo silikanasintha, chifukwa palibe mphunzitsi wamkulu amene angalole mwana wa chipere kukhala pabenchi limodzi ndi anzake ngati palibe womuphimba chiperecho m'mawa uliwonse. Namwino wa m'chipatala amayeza ntchito yake ndi odwala amene atuluka. Wa pasukulu amaiyeza pa nthawi yoitana mayina, pamene mwana wayankha.

Ndimalemekezanso kudziwa malire. Chikuku, nthomba ndi diphtheria sizinali zoti namwino azilimbana nazo pakona ya kalasi. Mwana wotero ankapita kunyumba ndithu, ndipo madokotala ankadziwitsidwa. Panalinso trachoma, matenda a maso amene anali ofala pakati pa ana a alendowa. Amayamba ngati maso ofiira wamba, koma akamabwerezabwereza amasiya zipsera mkati mwa chikope, chikope n'kupindikira mkati, nsidze n'kumakanda diso mpaka munthu kuchita khungu. Namwino sankawachiza pasukulu. Ntchito yake inali kuwazindikira, kutumiza mwana kwa madokotala a maso, ndi kuonetsetsa kuti wapitadi, ngakhale kumugwira dzanja n'kupita naye. Matenda amenewa ife timawadziwa bwino: mu 2022 ndi pamene bungwe la World Health Organization linatsimikizira kuti Malawi wagonjetsa trachoma monga vuto la dziko, woyamba kutero kumwera kwa Africa. Ntchito imeneyo nayonso inayenda ndi anthu otembenuza zikope za ana mmodzimmodzi.

Sukulu ikaweruka, ntchito ya Mayi Rogers inali itangofika pakati. Masana ankatenga mayina a ana obwezedwa ndi ojomba n'kuyamba kukwera masitepe amdima a nyumba zosanja, kumene banja lonse linkakhala m'zipinda ziwiri kapena zitatu, nthawi zina pamodzi ndi makina osokera ndi milu ya zovala za ganyu. Kuno ndi kumene luso lawo limandigwira mtima koposa. Munthu wa yunifolomu akagogoda pakhomo la mlendo wosauka, woyamba kuyankha ndi mantha. Makolo ambiri anali atathawa maboma ankhanza, ndipo pofika pa Ellis Island, polowera alendo m'dzikomo, anali atayang'anidwa m'maso, akudziwa kuti wopezeka ndi trachoma akhoza kubwezedwa kumene wachokera. Namwino akalowa ndi nkhope ya wapolisi, mayi wa m'nyumbamo amavomera chilichonse kuti mlendo atuluke msanga, ndipo sachita kalikonse. Akalowa ndi chisoni chopitirira, amanyoza banjalo. Njira ili pakati, ndipo ndi yopapatiza.

Njira imene anamwino a ku Henry Street ankaidalira inali kuonetsa. Chinenero chikavuta, manja amalankhula. Namwino ankapempha madzi ndi beseni la m'nyumba momwemo, n'kumuchapa mwana mayi ake akuona, kenaka n'kuwapatsa mayiwo kuti ayesere. Kugwiritsa ntchito ziwiya za m'nyumbamo kunali ndi tanthauzo: zimene mwaonazi mukhoza kuzichita ine nditapita. Ndipo popeza mphere ndi nsabwe sizikhala pa mwana mmodzi, ankayang'ananso azing'ono ake ndi zofunda. Kuchiza mwana wa sukulu yekha n'kumubweza pa bulangete lomwelo ndi kutaya sulufule.

Maulendo amenewa anaulula chinthu chimene kakhadi ka dokotala sikakanaulula. Ana ambiri ojomba sanali odwala. Wina analibe nsapato m'nyengo yozizira, wina analibe chovala, wina ankalera makanda mayi ali ku ntchito, wina ankagwira yekha ganyu, wina anali ndi njala. M'nyumba zina namwino ankapeza wodwala weniweni ali kholo, atagona ndi chifuwa chachikulu m'chipinda chopanda windo, ana akugona pambali pake. Namwino wongodziwa mankhwala akanabwerera n'kulemba kuti mwanayu ali bwino. Mayi Rogers ankapita kukagogoda ku mabungwe othandiza osowa kuti nsapato zipezeke. Sindiona kuti uku kunali kuchoka pa unamwino. Funso limene anapatsidwa linali lakuti n'chifukwa chiyani mwanayu sali m'kalasi, ndipo iwo ankalitsatira kufikira kumene yankho lake lili.

Luso lina ndi la cholembera, ndipo ambiri salitchula chifukwa silikoma m'maso. Ankalemba chilichonse: dzina, vuto, chimene achita, tsiku. M'mwezi woyamba uja anapereka chithandizo maulendo 893, anayendera makomo 137, ndipo ana 25 amene sankalandira chithandizo chilichonse anachira n'kubwerera kusukulu. Manambala amenewa ndi amene anatsegula thumba la mzinda. Mu Novembala 1902 dipatimenti ya zaumoyo inawalemba ntchito, mu Disembala inawonjezera anamwino 12, ndipo mu 1903 mzinda unapereka madola 30,000 olipirira anamwino 27, Mayi Rogers ali owayang'anira. Pa makhadi a ana matenda ankalembedwa ndi manambala m'malo mwa mayina ake. Kanthu kakang'ono, koma aliyense amene anaphunzirapo pulayimale akudziwa kuti dzina lonyoza limene mwana walipata chifukwa cha chipere limatha kumutsatira zaka zambiri chiperecho chitapola. Kusunga ulemu wa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi gawo la chithandizo.

New York sinali yoyamba kuika namwino pasukulu. Ku London, Amy Hughes anayamba kuyendera sukulu ina ya ku Drury Lane mu 1892, ndipo Mayi Wald ankaidziwa ntchito ya kumeneko. Koma chitsanzo cha New York ndi chimene chinafala msanga: Los Angeles inatsatira mu 1904, Boston mu 1905. Mayi Rogers anakayambitsanso ntchitoyi ku Pueblo m'chigawo cha Colorado, ndipo mu 1910 anabwerera ku Toronto kukayang'anira anamwino a m'sukulu. Kumeneko maganizo awo anapita patsogolo, kuchoka pa kuchiza kufika pa kupewa. Ankaimika ana pamzere ndi miswachi kuti aphunzire kutsuka mano onse pamodzi, ankawaphunzitsa kumina bwino, ndipo analimbikitsa mapepala opukutira m'manja m'malo mwa thaulo limodzi la sukulu yonse, limene linkanyamula matenda a maso ndi a pakhungu kuchoka pa nkhope ina kupita pa ina. Mu 1917, atakwatiwa ndi dokotala William Struthers, anatulutsa buku lotchedwa The School Nurse, loyamba la mtundu wake.

Lero m'mayiko amene ali ndi anamwino a pasukulu zida zinasintha. M'kabati muli timapampu ta ana a mphumu, insulini wa ana a matenda a shuga, jakisoni wa mwana amene thupi lake limatupa n'kubanika akadya mtedza. Pakhoma pali tchati cha zilembo zonka zicheperachepera chimene Herman Snellen anakonza mu 1862, ndipo mwana akaima mamita 6 n'kutseka diso limodzi, pamatha kudziwika kuti amene aphunzitsi ankamuyesa mbuli sankaona pabolodi. Mu 2014 ofufuza anawerengetsa ntchito ya anamwino a m'sukulu za ku Massachusetts n'kupeza kuti dola iliyonse yolowa mu ntchitoyi inkabweza madola 2.20, powerengera ndalama za kuchipatala ndi nthawi ya makolo ndi aphunzitsi imene inapulumuka. Mu 2016 bungwe la American Academy of Pediatrics linati sukulu iliyonse izikhala ndi namwino wake tsiku lonse.

Koma chovuta kwambiri pa ntchitoyi chikadali chomwe chija, ndipo chimafika pakhomo ndi mawu awiri: m'mimba mukupweteka. Mwana wonena zimenezi akhoza kukhala kuti sanadye. Akhoza kukhala ndi njoka za m'mimba. Akhoza kukhala akuthawa mayeso a masamu kapena mnyamata wina womumenya pa nthawi yopuma. Akhoza kukhala mtsikana amene wangotha msinkhu ndipo alibe womufotokozera kapena chodzitetezera. Akhoza kukhala akuchitidwa nkhanza kunyumba ndipo thupi likunena zimene pakamwa pakuopa. Ndipo mmodzi mwa ambiri akhoza kukhala ndi appendicitis, woti akachedwa kufika kuchipatala moyo uli pachiswe. Namwino wabwino amayamba kuyeza mwanayo asanakhale pansi: walowa akuyenda bwanji, wawerama kapena waongoka, akuloza ndi chala chimodzi kapena akusisita mimba yonse. Kenaka amafunsa mafunso ooneka opepuka. Wadya chiyani m'mawa uno? Panopa m'kalasi mukuphunzira chiyani? Wagona kuti usiku wathawu? Ndiye amatsegula kaundula n'kuona kuti mwana yemweyu anabweranso Lachiwiri lapitalo, ola lomweli. Dokotala wa kuchipatala amamuona mwana kamodzi, atadwala. Namwino wa pasukulu amamudziwa ali bwino, choncho amazindikira tsiku limene wasintha.

Kwathu kuno sukulu zambiri za pulayimale za boma zilibe namwino. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana analumpha kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, sukulu zathu zakhala zikuperewera ngakhale aphunzitsi, ndipo anamwino ndi osakwana m'zipatala momwe. Komabe ntchito ija ikugwiridwa, kungoti yagawanika m'manja ambiri. Mlangizi wa zaumoyo amafika ndi mankhwala a likodzo ndi a njoka za m'mimba, n'kumuimika mwana aliyense pa ndodo yoyezera msinkhu kuti adziwe mapiritsi angati, atatsimikiza kaye kuti anawo adya, chifukwa mankhwala a likodzo amazunguza mutu ndi kuchititsa nseru m'mimba mopanda kanthu. Kuyambira 2019 atsikana akulandira katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero, ambiri a iwo pasukulu pomwepo. Amayi a m'magulu othandiza atsikana amatsatira mwana wosiya sukulu mpaka kwawo. Ndipo pali mphunzitsi uja, mayi kapena bambo, amene mwana akakomoka pa asembule kapena akagwa khunyu aliyense amathamangira kwa iye.

Ku Zomba anayesa kupita patsogolo. Pakati pa 2013 ndi 2015, bungwe la Save the Children pamodzi ndi maunduna a zaumoyo ndi zamaphunziro, ofufuza a ku College of Medicine ndi a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine anachita kafukufuku m'sukulu 58. Theka la sukuluzo linalandira bokosi la mankhwala, ndipo aphunzitsi ena anaphunzitsidwa kubaya chala, kuyeza malungo, kupereka LA kwa amene awapeza nawo, ndi kuzindikira zizindikiro zoopsa zofunika kuthamangira nazo kuchipatala. Ganizoli linali loyenera, pakuti ana a msinkhu wa sukulu ndi amene amapezeka kwambiri ndi tizilombo ta malungo m'magazi, chonsecho ndi amene sagona m'neti kawirikawiri ndiponso satengeredwa kuchipatala msanga. Aphunzitsiwo anaigwira ntchito bwino, ana ankabwera ambiri, makolo anaikonda. Koma zotsatira zitatuluka mu 2020 zinaonetsa kuti kujomba sikunatsike.

Zotsatira zimenezi sindiziona ngati chifukwa chotayira mabokosiwo. Mwana wopeza LA pasukulu tsiku loyamba la malungo wapulumuka zambiri, kaya kaundula wa kalasi asinthe kaya ayi. Koma ndikaziika pafupi ndi ntchito ya Mayi Rogers, ndimaona kuti bokosi limagwira ntchito ya m'mawa yokha. Limathandiza mwana amene wafika. Amene wagona kunyumba ndi malungo, amene wapita ku ganyu, amene akulera mng'ono wake, amene yunifolomu yang'ambika, bokosi silimuona. Ngakhale LA weniweniyo amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: ulendo woyamba pamaso pa mphunzitsi, wachiwiri patapita maola asanu ndi atatu, mwana ali kale kunyumba, kumene thupi likangozizira mapiritsi otsala amatha kusungidwira mwana wina. Mphunzitsi wa kalasi la ana 100, amene akuyembekezeredwanso kuchonga makope, sangapite masana kukaona ngati amwedwa.

Choncho chimene ndikanakonda kuona, ngakhale pa zoni imodzi ya sukulu poyamba, ndi munthu mmodzi amene ntchito yake yonse ndi imeneyi: namwino wa m'dera kapena mlangizi wa zaumoyo wophunzitsidwa bwino, wokhala ndi njinga, bokosi lija, ndi ufulu wotsegula kaundula wa kalasi lililonse. M'mawa aziyenda m'sukulu zitatu kapena zinayi, masana azitenga mayina a ana amene ajomba masiku atatu otsatizana n'kukaodira pakhomo pawo, n'kukhala pamphasa ndi mayi kapena agogo a mwanayo. Azilemba zonse zimene wapeza, mpaka kusowa kwa sopo ndi kwa yunifolomu, kuti pakutha pa teremu a ku ofesi ya maphunziro ndi a zaumoyo paboma akhale ndi manambala patebulo, monga anakhalira nawo akuluakulu a New York kumapeto kwa Okutobala 1902.